Makatani a Alamu Anga

"Mwana wanga athetsa udzudzu dziko lonse lino, zidzukulu zanu zizidzangoumva m'nthano," anatero alamu anga atelala, sizasi ili m'manja.

Mtsikanayo anali atapeza malo kuyunivesite, maphunziro apamwamba penipeni aja, olipiriridwa zonse, ofufuza udzudzu ndi makompyuta. Alamu sanadikire. Anatsitsa maneti onse m'nyumba n'kusoka makatani, achemwali anga akukuwa. Ankati akudziona kale atagona pakhonde chagada, kamphepo kakuwasisita pamimba.

Tsiku lokamuona mwanayo, alamu ananditenga kuti ndikhale mboni. Ine ulendo waulere sindikana.

Chipinda chake chofufuziramo chinali chofunda, chachinyezi ngati bafa loti wina wangosambamo. Timabokosi ta neti tinasanjikizana mpaka kudenga, ndipo monsemo munkamveka kanyimbo kosalala, kakutali, koti munthu n'kugona choimirira. Pakompyuta timizere tobiriwira tinkayandama pang'onopang'ono, ati kulemba mmene mapiko akukupizira.

"Ndende imeneyi, alamu," anandinong'oneza. "Mawa ukuphedwa udzudzu wonsewu."

Mwanayo tinamupeza pakona atapisa mkono m'kabokosi, udzudzu uli bii mpaka pachigongono, iye akumwetulira ngati mayi woyamwitsa.

"Iwe! Chotsa mkonowo!"

"Adadi, motsitsa, ukudya. Ukapanda kuikira mazira sabata ino, kafukufuku wanga waima. Ndikufuna uswane, uchuluke."

Alamu anayang'ana mwana, anayang'ana timabokosi tija mpaka khosi linapindika. Kenaka anandikoka malaya.

"Alamu, kwanu kulibe neti yapadera?"