Bulangete la Malemu Pamsana pa Hatchi

"Ine matenda a hatchi ndimawamva ndi fungo," anatero a Ezara, kapitawo, mokweza kuti mzungu wawo amve. "Iyi yalodzedwa."

Yeremiya, wosamala hatchiyo, anangopitiriza kusesa m'khola. Ankakumbukira kuti tsiku limene a Ezara anayamba kuona hatchi, anakwera mumtengo.

Koma zinthu zinali zitaipa. Hatchi inali itatha ubweya pamsana, ikudzikhula pamtengo mpaka magazi, ndipo mzungu anali atapachika chikoti pakhomo. Ikapanda kuchira, msana wa Yeremiya ndiwo unkayenera kuyankha.

Anthu atasonkhana kudzaona, panatulukira a Filomena, mayi wamasiye wa ku Bembeke.

"A kapitawo, ndabwerera bulangete la malemu amuna anga. Munalanda tisanamete n'komwe maliro, n'kumaliyala pansi pa chishalo. Eni ake akulifuna."

A Ezara analowa m'khola n'kutuluka nalo bulangetelo.

"Akufa ine sindiwaopa!" anatero a Ezara, n'kulifunda anthu akuona.

Posakhalitsa anayamba kukanda pakhosi, kenaka m'khwapa, kenaka anapezeka akudzikhula pamtengo womwe uja wa hatchi. Bulangete analibweza atagwada, ndi manja awiri.

Mzungu anatsitsa chikoti pang'onopang'ono, maso ali pa kapitawo wake.

Yeremiya yekha ndiye anaona kuti a Filomena bulangetelo analilandira ndi ndodo, monga achitira munthu amene anawaza chitedze choyabwa chija m'katundu wake poopa akuba. Anapitiriza kusesa.