Wometa Tsitsi ndi Maiki Yosatseka

Panali munthu wina, wometa tsitsi, amene anayamba kuphunzira gemu ya pa foni imvi zitayamba kale kumera. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi amene mwana wake amaphunzira limodzi ndi mwana wa bamboyo, ndipo akuti ndi yoona.

Gemu yake ndi ija yomenyana asanu kwa asanu, timu iliyonse ikuteteza nsanja zake n'kumagwetsa za adani. Anamuikira ndi mlamu wake, kuti azitayirako nthawi makasitomala akasowa.

"Alamu, maiki muzitsegula pokhapokha mukufuna kulankhula," anatero mlamuyo. "Gemu ikatha muzituluka m'chipinda cholankhulirana cha m'gemumo. Apo ayi dziko lonse lidzamva mmene achemwali anga amakukalipirani."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Bamboyo ankalowa njira yolakwika, kuthamangira adani yekhayekha, kufa, kudzuka, kufanso. Anzake a m'timu sankamusungira mawu. "Madala, siyani foni mukagone!"

Tsiku lina panamveka mawu odekha. "Musiyeni, tonse tinayamba choncho. Akulu, imani kumbuyo kwanga."

M'gemumo dzina lake linali Wofatsa. Ankasewera mbali ya wothandiza, uja ntchito yake ndi kuchiritsa anzake ndi kuwaunikira m'matchire momwe adani amabisala. Anamuphunzitsa nthawi yomenya ndi nthawi yothawa. Bamboyo akalakwitsa, iye ankangoti, "Palibe kanthu, tiyambirenso." Munthu amene wakhala akutukwanidwa, mawu otere amamufika pamtima.

Kenako Wofatsa anati, "Batani la maikilo likukuchedwetsani chala. Isiyeni yotsegula. M'chipinda chathumu musamatulukenso, kuti ndikapezeka ndizingokuitanani."

Bamboyo anamvera. Foni ija inkakhala pashelefu pafupi ndi galasi lometera, m'thumba popita kunyumba, patebulo banja likamadya. Maiki ili chitsegukire.

Tsiku lina gemu ili mkati, Wofatsa anafunsa, "Kanjiwa chifuwa chija chaleka?"

Kanjiwa linali dzina lomunyadira mwana wawo wamkazi wa kusukulu ya mkaka, ndipo linkatchulidwa m'nyumba mokha. Bamboyo anangoti anthu ena ndi amtima wabwino. Mkazi wake atamva sanasangalale.

"Ameneyo ndani wodziwa chifuwa cha mwana wanga?"

"Mnzanga wa gemu, mayi. Amatifunsa kuposa abale ena."

Sipanapite nthawi, Wofatsa anabwera ndi nkhani ya mpikisano. "Mawa masana tikweze timu. Koma mukudziwa lamulo: ukalowa sutuluka. Wothawa amagwetsa anzake onse, iyenso amamutsekera."

"Nthawi imeneyo ndimakatenga mwana kusukulu. Mayi ake amakhala ali kuntchito."

"Tithamangitsa, akulu. Aphunzitsi amadikira."

Mawa lake bamboyo anakankha chitseko cha shopu, anavala zomvera m'makutu, gemu n'kuyamba. Inali yolimba, yosatha msanga. Nthawi yoweruka ana kusukulu inakwana. Iye anayang'ana wotchi n'kunena mumtima kuti pang'ono pokha.

Ndiye anaona kuti kamunthu ka Wofatsa kaima pafupi ndi nsanja, osasuntha. Adani ankadutsa, iko kali njo. Anzawo anayamba kukuwa. "Wothandiza ali kuti? Wagona?"

Koma maiki ya Wofatsa inali yotsegula. Munkamveka mphepo, galimoto ikudutsa, mapazi. Kenako geti lachitsulo linalira, ndipo bamboyo analizindikira, poti ankalikankha tsiku lililonse. Phokoso la ana. Ndiye mawu odekha aja, akulankhula ndi munthu wina:

"Aphunzitsi, ndine malume ake a mwana uyu, kwathu timati Kanjiwa. Bambo ake atanganidwa kushopu, andituma. Akuti afulumire akamwe mankhwala a chifuwa aja."

Patali pang'ono, kamawu kakang'ono: "Adadi ali kuti?"

Bamboyo anazula zomvera zija, anaponya foni m'thumba, n'kuliyatsa liwiro. Shopu anaisiya pululu.

Atafika anapeza aphunzitsi atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo pawo, akumuluka tsitsi.

"Panabwera bambo waulemu kwambiri," anatero aphunzitsiwo motsitsa mawu, kuti mwana asachite mantha. "Zonse amazidziwa, dzina lanu, la mayi ake, ngakhale mtundu wa botolo la mankhwala. Ndinatsala pang'ono kumupereka. Koma mwanayu anandigwira siketi osasiya. Ndiye ndinati dikirani kaye, tsitsi lake lamasuka, ndimukonze. Ndinaluka pang'onopang'ono, kumasula, kulukanso. Podzutsa mutu anali atapita."

"Amaoneka bwanji?"

"Chipewa, foni m'manja. Nkhope yandithawa."

Bamboyo anagwada pansi n'kukumbatira mwana wake. Aphunzitsi anamupatsa madzi m'kapu ya ana.

Ali chigwadire, m'thumba mwake munatuluka mawu, odekha monga mwa masiku onse.

"Akulu, mwathawa gemu isanathe." Kenako anati, "Kanjiwa, tsitsilo lakukhala bwino."

Bamboyo anatembenuka. Kunja kwa geti kunali makolo odikira ana, oyendetsa njinga, anthu ongodutsa. Pafupifupi aliyense anali ataweramira foni yake.

Phunziro: Gemu si yoipa, ndipo si onse okoma mtima amene ali ndi chiwembu. Koma munthu amene simunamuonepo nkhope asamve za m'nyumba mwanu. Mukatha kusewera tsekani maiki, tulukani m'chipinda cholankhulirana, ndipo gemu ikakumana ndi nthawi ya mwana, itayeni gemuyo. Muziwathokozanso aphunzitsi amene amachedwa dala kupereka mwana. Chonde tumizani kwa makolo anzanu ndi kwa aliyense wosewera pa foni kunyumba kwanu.