Aphunzitsi Odwala Lachitatu

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ake ali moyo, anawaonera pagalasi la galimoto yomwe akuyendetsayi. Anali kumbuyo akukankha, sikafu ya timu ili m'khosi, uku akutukwana woyimbira mpira yemwe anali atatsala kutali, kutauni ya eni bwalo. Injini italira anathamangira chitseko, n'kudziponya pampando akupuma ngati ng'ombe yapangolo.

"Pulofesa," anatero, "munthu uja anabadwa ndi wezulo kukamwa. Maso ndiwo anawaiwala m'mimba mwa mayi ake."

M'mawa mwake sanadzuke. Dokotala anati ndi mtima. Amalume ake, a Sipanala, anati ndi penate imene woyimbira uja anakana.

Lero Pulofesa ali pachiwongolero, ulendo wokaonera masewero otsiriza a ligi. Pampando wa bambo pakhala sikafu. Kumbuyo kuli a Sipanala ndi chigubu cha madzi a radiyeta, chifukwa galimotoyi siyenda popanda makaniko, monga mmene wodwala sagonera m'chipatala popanda womudikirira.

Matenda a mpira anawagwira bambo ataukalamba. Moyo wawo wonse wailesi ankaitsegulira nkhani ndi mauthenga a maliro basi, ikayamba zamasewero n'kuithimitsa. Kenako, atangopuma pantchito, anatulukira pakhomo ndi sikafu, vuvuzela ndi galimoto yakutha imene mwini wake ankasungiramo nkhuku. Amayi anati ndi penshoni yawazunguza mutu. Anthu akutchalitchi anabwera kudzawapempherera.

Anali sapota woopsa, koma mpirawo sankaudziwa. Kona ankaivinira ngati chigoli. Goloboyi akagwira mpira ankafunsa kuti bwanji ameneyo yekha sakumuimbira. Tsiku lina anavina mpaka kuvula jekete pachigoli cha adani, ataiwala kuti pa hafu matimu amasinthana magoli. Imvi ndizo zinawapulumutsa. Koma timu ikamakasewera koyenda, kaya ndi kutali chotani, kaya ndi pakati pa sabata, iwo makiyi m'manja: "Pulofesa, tiye."

Dzina limeneli ndi limene linkamubaya. Ku koleji anali atalephera mayeso kachiwiri, ndipo anamuuza kuti asadzabwerenso. Kunyumba sananene. Pa 10 Malichi anadzuka, anasita malaya, ananyamula chikwama cha mabuku, n'kukalowa m'kanyumba koonetsera mpira kuseri kwa depoti ya mabasi. Kuyambira tsikulo koleji yake inali imeneyo: benchi lathabwa, fungo la masokosi, ndi masewero a dzana obwerezabwereza mpaka nthawi yoweruka.

Masewero akakhala a Lachitatu, bodza linkafuna linzake.

"Lero kulibe kalasi. Aphunzitsi adwala."

"Adwalanso? Koleji yanuyo kapena ndi chipatala?" bambo ankaseka, n'kumuponyera makiyi.

Ulendo uliwonse ankanyamuka atatsimikiza kuti pobwerera awauza. Timu ikapambana ankati asawasokonezere chimwemwe. Ikagonja ankati munthu samuwonjezera maliro pamaliro. Ikafanana mphamvu ankasowa pogwira, n'kukweza wailesi. Bambo ankamusendera nthochi, kumufunsa ngati akugona bwino, kumuuza kuti waonda. Za mabuku sankafunsa, ndipo iye ankathokoza Mulungu kuti mpira wawatseka maso.

Pamaliro m'busa ananena kuti malemuwa asiya mwana wa ku koleji, nyali ya banja. Anthu onse anacheuka kuti aione nyaliyo. Kuyambira pamenepo chinthu chimodzi ndicho chimamudya: nthochi zonse zija bambo ankasendera mnyamata amene kulibe. Iye weniweniyo, wa pabenchi lathabwa uja, bambo sanamuonepo, ndipo palibe akudziwa ngati akanamupatsa ngakhale khoko.

Pachitunda galimoto inatsokomola kawiri, n'kuganiza zopitiriza. Pulofesa anayang'ana sikafu ija.

"Malume, pali chinthu chimene bambo apita osachidziwa."

"Ofusayidi," anayankha a Sipanala. "Ndinayesetsa, mphwanga. Ndinawajambulira pansi ndi waya, ndinawaikira mabotolo n'kumati awa ndi otchinga kumbuyo. Alamu anga mutu unali wa masamu, osati wa mpira."

"Munkawaphunzitsa ndinu?"

"Nanga ndani? Munthu mpira ankadana nawo ngati chimfine. Mpaka tsiku lomaliza lija, uli kokagula matikiti, anandinong'oneza kuti, alamu, kodi zimenezi anthu amazikonderanji?"

Pulofesa anachepetsa liwiro. Mabasi a masapota anawadutsa akuimba, mbendera zili pamawindo.

"Ndiye ankapitiranji?"

A Sipanala anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale manjawo anali oyera.

"Anafika kugalaja ali thukuta lokhalokha. Akuti, alamu, ndamutsatira mwana wanga mpaka pakhomo la kanyumba kakuseri kwa depoti. Ndikamufunsa andithawa. Ndiphunzitseni chimene akuonera m'menemo, asamakhale yekha."

Msewu unayamba kuoneka ngati uli m'madzi.

"Linali liti limenelo?"

"Ndingaliiwale? Ndi tsiku limene mkazi wanga anathawa ndi wowotcherera mageti uja. Pa 10 Malichi."