Dzenje la Fote Sauzande

Mlonda atatsegula geti, amake Dingani sanataye nthawi ndi moni. Anangoti, "Ndine mai wake wa Dingani." Mlonda analoza kuseli kwa nyumba.

Anachokela ku Kabwata pa mabasi awili. Mvula ya sabata yatha inanyowetsa matilesi ndi thumba la mpunga wogulitsa pa msika. Denga lao linali ngati sefa. Dingani, mwana wao woyamba, wa ku ofesi ya inshuwalansi, analonjeza malata atsopano kalekale. Koma akamutumila foni yankho linali limodzi: "Pililani amai, ndiyambe ndathana ndi za dziwe."

Dziwe lanji? Mlongo wake Thandizo ndiye anaulula. Anamuona kawili akulowa pa geti yakuda ku Kabulonga, atavala tayi, mlonda akumuchitila ulemu. Basi nkhani inamveka. Mwana wapeza nyumba kumayadi, wabisila make, ndipo ndalama ya malata afuna kusambitsila nsomba.

Kuseli anapeza kapinga wometa bwino, pakati pake atazungulizapo chingwe ndi zikhomo. Dingani anaimilila pomwepo, shati yoyela, tayi pakhosi. Pafupi naye panali bambo wina wa imvi, wovala magamubuti amatope ndi chipewa chong'ambika, paipi ya madzi ili m'manja.

"Fote sauzande," bamboyo anali kunena, akuyang'ana chingwe chija.

Amake Dingani anamva ngati wina wawaponda chala.

"Fote sauzande ya chani? Ya dzenje?"

Dingani anatembenuka, nkhope n'kugwa. "Amai, mwabwela bwanji kuno?"

"Ndauluka. Awa ndani?"

"Ndi ba Ng'andu. Amai, tiyeni pambali ndikuuzeni..."

"Khala chete, akulu alankhula."

Dingani anatseka pakamwa. Amake anamulela okha, ndipo anadziwa kuti mwanayo sangawadule mau pamaso pa mlendo.

Zaka zonse pa msika palibe anawadyelapo masuku pamutu. Anaika ambulela pansi, n'kumanga chitenge bwino.

"Ba Ng'andu, ine sukulu ndinalekela giledi folo, koma mtengo wa zinthu ndiudziwa. Mu fote sauzande muli chani?"

Bamboyo anayang'ana Dingani, kenako anayamba kuchula pang'onopang'ono. Kukumba, poti nthaka ya kuno ili ndi miyala. Pulasitiki wakuda wokhuthala woyala pansi. Simenti. Miyala yokongoletsa m'mbali. Pampu yoyendetsa madzi, ndi sola yake, chifukwa malaiti akapita nsomba zimafa.

"Nsombazo zidyedwa?"

"Iyai, amai. N'zongoona."

"Ambuye tikhululukileni."

Apa amake Dingani anayamba kuphwanya mtengo ngati aphwanya nkhuni. Okumba? Anyamata ali mbwee pa siteshoni, angakumbe ndi ndalama ya chakudya. Miyala? Azimai ophwanya miyala m'mbali mwa mseu agulitsa wilibala yodzala pa mtengo wa nkhuku. Pulasitiki? Ku masitolo a ku Kamwala aliko wa mitundu yonse, munthu ungofunika pakamwa. Pampu yokha ndiyo anaivomela, poti za magetsi sadziwa.

Ba Ng'andu sanatsutse ngakhale kamodzi. Anangogwedeza mutu, akumwetulila. Amake Dingani anaidziwa nsekelela imeneyo: ndi ya munthu amene wagwidwa.

Dingani anali kutuluka thukuta. Anamasula tayi. Make anaona kuti zikhatho zake zili ndi matuza, koma analibe nthawi ya zimenezo.

"Amai, chonde, napapata..."

"Iwe ndiye chitsilu. Anthu akuona tayi, akuona ndalama. Make agona m'madzi ngati chule, iye afuna kumangila nsomba nyumba ya sola."

"Manje inu amai muti zingati?" anafunsa ba Ng'andu.

"Twente-faifi. Osaonjezela ngwee."

"Ba Dingani, mwawamva amai anu?"

Dingani anayang'ana pansi. "Ndawamva."

"Nchito ingatheke pa twente-faifi?"

"Ingatheke!" anayankha make. "Ikakanika mubwele mundifunse ku Kabwata, aliyense akulozelani."

"Mau a kholo sindingawatsutse," anatelo ba Ng'andu.

Wagonja msanga, anaganiza amake Dingani. Ndikanati twente. Zinawawawa, ndiye anafuna pobwezela.

"Nanga mbasela? Kwathu munthu akagula zambili timamuikila kapamwamba. Nsombazo zilowe momwemo."

"Zilowe momwemo, amai. Mwanena ndinu."

Anagwilana chanza mwamphamvu. Amake Dingani anakoka dzanja la mwana wao n'kuliika m'dzanja la bamboyo, kuti pasakhale wobwelela m'mbuyo. Fifitini sauzande yapulumuka. Malata, misomali, ndi wokhoma yemwe.

"Waona?" anatelo, akutola ambulela. "Mawa lomwe tipite tikagule malata. Ndipo undionetse m'nyumbamo, ndione chimene unandibisila."

Dingani sanasunthe.

Ba Ng'andu anatseka madzi, n'kupita pakhonde. Anavula magamubuti. Mtsikana wa nchito anatuluka ndi tiyi pa thileyi, nagwada: "Bwana, amadamu akuitanani." Bamboyo asanalowe anacheuka.

"Muyambe kukumba pa Mande, ba Dingani. Amai, muzibwela kawilikawili."

Chitseko chinatsekeka.

"Ku inshuwalansi nchito inatha mu Juni, amai," anatelo Dingani, akupinda tayi n'kuika m'thumba. "Manje ndimamangila anthu maiwe a nsomba. Malata anu anali mu fifitini sauzande ija."