Mazira a Kuseri kwa Waya

Chilimwe chimenecho lamulo linali lakuti banja lililonse lizidya zokhazo zotuluka m'malire mwake. Nankhoma sanadandaule, pakuti mfutso ndi chinangwa anali nazo. Koma thadzi lake linakaikira mazira kwa Nangozo, mnansi wake, kuseri kwa waya amene ankalira munthu akamudutsa ndi chakudya. Waya akalira, banja linkalandidwa munda.

"Bambo a Chifuniro, mazirawa ndi a yani?" Nankhoma anafunsa mwamuna wake.

"Nkhuku ndi yathu, dothi ndi lawo. Kaya."

Nangozo nayenso anaopa kuwadya. Patapita masabata atatu, thadzi linabwerera likutsogolera anapiye asanu, koma waya sanalire. Nankhoma anangoima ndi lichero m'manja, osadziwa ngati akathokoze kwa Nangozo kapena akapepese.