Maziko a Nyumba ya Che Akimu

Zubairu anaimika ngolo m'munsi mwa phiri, kwa Kawinga, atatsimikiza mtima kuchita chinthu chimene munthu woleredwa bwino sachita: kupasula mulu wa miyala yokumbukira amuna amene anagwa pankhondo yakale pamalopo. Aliyense wodutsa ankaikapo mwala wake. Koma iye ankafuna maziko a nyumba ya bambo ake osaona, Che Akimu, ndipo sanafunse munthu.

Dzuwa linali paliwombo, mpweya ukunjenjemera pamwamba pa lupsa. M'kunjenjemerako miyala ija inaoneka ngati mitu ya anthu okhala pansi, ovala zisoti zoyera, akudikira kuitanidwa mayina. Ng'ombe zinangoti duu. Zubairu anatikita maso, nanyamula mwala woyamba. Unali wofunda ngati tsaya la munthu wogona.

Nyumba itatha, anawagwira dzanja bambo ake kuti akalowemo. Pakhomo mkuluyo anawerama, nayamba kupapasa maziko. Zala zawo zinaima pa mwala wa mizere itatu yogoba.

"Uwu ndinaugoba ndine, chaka chimene ndinalowa jando. Ndi wokumbukira agogo anga. Wautenga kuti, Zubairu?"

"Ababa, mvula yayandikira. Lowani kaye."

"Iyayi, mwanangu. Ine sindingagone pamitu pa anthu."

Nyumba ija ilipo mpaka lero, malata ake akuwala, ndipo mumagona mbuzi. Che Akimu anamwalira m'dzinja lomwelo m'kanyumba kawo kakale kodontha, asanaponde phazi m'nyumba yatsopanoyo.