Makoswe a M'chigafa

Duncan anazungulira Subaru yake, makiyi akulira m'manja. Katswiri wa ku Joni anali ku Lilongwe tsiku limenelo lokha, ndi makina omangirirapo galimoto n'kuyesa mphamvu ya injini. Oyilo anali watsopano, mapulagi nawonso.

"Alamu, tiyeni, munthuyo atithawa," anatero Lucious.

"Dikirani. Ine ndinaona injini ikuphulika pamakina amenewo ku Durban, ndi maso angawa!"

Duncan anatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya. Munali mtedza thoo. Makoswe a m'chigafa cha fodya momwe ankaimika galimotoyo anali atatafunanso waya mpaka mkuwa kuonekera.

Lucious anaswa mtedza umodzi n'kuponya m'kamwa. "Ndiye tipita?"

Duncan anayang'ana msewu, kenako anavula jekete.

"Thamangirani kwa okonza njinga, mukabwereke pulayala."